Makompyuta akasiya kuonana mu ofesi, musathamangire kufomata

Mafoni ambiri amene ndimalandira kuchokera m'masekretariya a sukulu, m'mapapelariya ndi m'timaofesi ta kuno ku Ulongué, ku Domué mpaka ku Tsangano amayamba chimodzimodzi: "Achimwene, intaneti yafa." Ndikafunsitsa ndimapeza kuti WhatsApp ikuyenda bwinobwino pa Wi-Fi yomweyo. Chavuta n'chakuti kompyuta ya mlembi ikukana kutsegula foda ya malipoti imene ili pa kompyuta ya a direkitala, kapena printa imene dzulo imasindikiza lero yangoti zii. Pamenepo intaneti ilibe mlandu. Makompyuta a m'nyumba imodzi amalankhulana okhaokha kudzera m'zingwe, mu switchi (kabokosi kamene zingwe zonse zimakumanamo) ndi mu rauta (kabokosi kobweretsa intaneti ndi Wi-Fi), ndipo amatha kutero ngakhale mamega atatha kalekale, ngakhale mutachotsamo simu khadi mu rauta. Netiweki ya m'nyumba imeneyi ndiyo tikambe.

Chimene chimandiwawa ndi zimene zimatsatirapo. Pamabwera munthu wodziwa pang'ono, n'kunena kuti kompyuta ili ndi vayirasi, yofunika kufomata. Amaifomatadi, mapauta a mayeso a chaka chonse n'kupita nawo, koma foda ija osatsegukabe, chifukwa vuto linali pa chingwe chimene makoswe anatafuna kudenga. Uthenga wochoka pa kompyuta ina kupita pa inzake umadutsa malo owerengeka: potulukira pa kompyuta yoyamba, chingwe kapena Wi-Fi, switchi kapena rauta, chingwe china, kenako Windows ya kompyuta yachiwiri imene iyenera kuvomera kuulandira. Wadukira pamodzi mwa malo amenewa. Ntchito yanu ndi kupeza pamene wadukirapo musanasinthe kanthu, kuyambira pa zimene mungagwire ndi manja n'kumakwera pang'onopang'ono. Mukayamba kusintha, sinthani chinthu chimodzi, yesani, kenako china. Mukasintha zisanu nthawi imodzi, ngakhale zitayenda simudziwa chimene chakonza, ndipo mwezi wamawa mudzayambiranso pachiyambi.

Musanagwire chingwe, funsani anthu a mu ofesimo. Ndani sakuona ndani? Ngati kompyuta imodzi yokha ndiyo yasochera pamene zinzake zikuonana, vuto lili pa iyoyo kapena pa chingwe chake. Ngati zonse zasiyira limodzi, pitani kumene zimakumana, pa switchi kapena pa rauta. Ngati zonse zikuonana koma palibe imene ikufika pa printa, yang'anani printayo. Funsaninso chimene chasintha kuyambira tsiku limene zinkayenda. Anthu amayankha kuti palibe, koma mukawapatsa mpata amakumbukira: Credelec inatha usiku magetsi n'kuzima, kunagwa mvula ya mphezi Loweruka, amayi okolopa anasuntha tebulo, abwana anabwera ndi rauta yatsopano kuchokera ku Tete. Nthawi zambiri yankho limakhala m'mawu amenewa.

Tsopano gwadani, yang'anani kumbuyo kwa kompyuta pamene palowa chingwe cha netiweki. Makompyuta ambiri ali ndi timagetsi tiwiri pamenepo, ndipo pa switchi khomo lililonse lili ndi kake. Kakayaka ndiye kuti mbali ziwirizo zagwirana, kakamaphethira ndiye kuti uthenga ukudutsa. Ngati kali zii, musatsegule n'komwe zoikamo za Windows, vuto lili pa waya. Zulani chingwe, chilowetseninso mpaka mumve kuti thi. Kamutu ka pulasitiki ka RJ45 kali ndi kalilime kamene kamathyoka msanga, ndipo kakathyoka chingwe chimaoneka ngati chili m'malo pamene chabwerera kunja pang'ono. Kukapanda kuyaka, sunthani chingwecho kupita pa khomo lina la switchi. Kukapandabe, bwerekani chingwe cha kompyuta imene ikuyenda bwino n'kuyesera chimenecho. Ine m'chikwama simusowa chingwe chachifupi cha mamita awiri chogula chopangiratu, chimene ndikudziwa kuti n'chabwino. Ndimanyamula laputopu kupita nayo pafupi ndi switchi, n'kulumikiza ndi chimenechi. Zikayenda pamenepo, ndadziwa kuti chingwe chachitali chodutsa kudenga ndicho chafa, ndisanakwere n'komwe makwerero.

Zingwe kwathu kuno zili ndi adani ambiri. Makoswe amakonda za m'siling'i, chitseko chimapana chimene chadutsa pansi pake, dzuwa limaphikitsa chimene chaponyedwa pamwamba pa malata mpaka khungu lake kuyamba kuthetheka. M'kati mwa chingwe muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito tinayi tokha, ta pa nambala 1, 2, 3 ndi 6, pamene la 1000 Mbps limafuna tonse. N'chifukwa chake chingwe chovulala nthawi zina sichifa, chimangogwetsa liwiro, anthu n'kumadandaula kuti fayilo ikuchedwa kukopeka. Ngati mumamanga nokha mitu ya zingwe, gwirani kamutu kalilime kataloza pansi, timano ta golide tili pamwamba, kolowera chingwe kukuloza kwa inu, ndipo kuchokera kumanzere sanjani motere: woyera wamizere ya olenji, wa olenji, woyera wamizere yobiriwira, wa buluu, woyera wamizere ya buluu, wobiriwira, woyera wamizere ya bulauni, wa bulauni. Mndandanda umenewu ndi wa T568B, ndipo muutsatire mbali zonse ziwiri. Ndimakumana ndi zingwe zimene wina anangosanja mitundu mmene maso ake anakondera, poganiza kuti bola mbali ziwiri zifanane. Chachifupi chimayenda ndithu, koma chikatalika chimayamba kutaya uthenga, chifukwa waya wa 3 ndi wa 6 ayenera kukhala opotana limodzi kuti asamamve phokoso la magetsi. Malire a kutalika ndi mamita 100. Pogula, palani kawaya kamodzi ndi mpeni: kakaoneka koyera m'kati, ndi aluminiyamu wongopakidwa kopa pamwamba, amathyoka msanga ndipo patali sadalirika.

Kuno ku Angónia ndi ku Macanga mvula ya Disembala mpaka Malichi imabwera ndi mphezi zoopsa, ndipo chingwe chochoka pa nyumba ina kupita pa ina chili panja chimatola mphamvu yake ngakhale mpheziyo itagwa patali. Anthu amazula mapulagi a magetsi koma amaiwala chingwe cha netiweki, ndiye Lolemba amapeza khomo limodzi kapena awiri a switchi atapsa, kompyuta ikuyaka bwinobwino koma khomo lake la netiweki lili lakufa. Kompyuta yotere musaitaye, kachipangizo kolowetsa pa USB kokhala ndi khomo la netiweki kamaibwezeretsa pa ntchito. Poweruka Lachisanu m'nyengo ya mvula zulani chingwe chochokera panja, ndipo musachigwire kunja kukugunda.

Switchi yonse ikakhala mdima, yang'anani chaja chake. Machaja a marauta amafanana maonekedwe koma ena ndi a 5V, ena 9V, ena 12V, ndipo posamutsa katundu amasinthanitsidwa. Werengani zolembedwa kunsi kwa chipangizo ndi pa chajacho, zigwirizane. Palinso chizindikiro china chofunika kuchidziwa: timagetsi tonse ta pa switchi tikuphethira limodzi mothamanga kwambiri, netiweki yonse yauma. Kawirikawiri wina waona chingwe chikulendewera, mwa mtima wabwino n'kuchilowetsa pa khomo limene linali lopanda kanthu, osadziwa kuti mutu wake wina uli kale pa switchi yomweyo. Uthenga umazungulira osatha mpaka njira yonse kudzaza. Zulani zingwe chimodzichimodzi, chimene mungazule timagetsi n'kukhazikika ndicho chimenecho.

Timagetsi tikayaka, bwererani pampando. Makompyuta athu ena ali ndi Windows ya Chipwitikizi, ena ya Chingerezi chifukwa anabwera ogwiritsidwapo kale kuchokera ku South Africa kapena kudzera pa Calómuè ndi pa Zóbuè. M'malo mosakasaka mayina a mamenyu, ndimakonda malamulo olemba, chifukwa iwo sasintha ndi chilankhulo. Dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani cmd, dinani Enter. Pa windo lakuda limene litseguke lembani ipconfig. Pa zambiri zimene zituluke mukufuna mizere itatu: wa IPv4 umene ndi adiresi ya kompyutayo, wotsatira wake wa "Subnet Mask" kapena "Máscara de sub-rede", ndi wa Gateway, umene ndi adiresi ya rauta. Chitani zimenezi pa makompyuta onse awiri amene sakuonana, lembani manambalawo papepala moyandikana.

Adiresi ngati 192.168.1.23 muiwerenge ngati mudzi ndi nyumba. Ngati mzere wachiwiri uja ukuti 255.255.255.0, monga zimakhalira m'maofesi ang'onoang'ono pafupifupi onse, magawo atatu oyamba ndiwo dzina la mudzi, gawo lomaliza ndi nyumba, ndipo rauta ndiye nyakwawa wogawa malo kwa aliyense wobwera. Makompyuta awiri kuti alankhulane mwachindunji, magawo atatu oyamba afanane, lomaliza lisiyane, likhale pakati pa 1 ndi 254. 192.168.1.23 ndi 192.168.1.40 aonana. 192.168.1.23 ndi 192.168.8.101 saonana ngakhale matebulo awo atagundana.

Mukaona adiresi yoyamba ndi 169.254, kompyutayo inapempha adiresi koma palibe anaiyankha, ndiye Windows yangodzipatsa yokha. Ntchito yogawa maadiresi imatchedwa DHCP ndipo imakhala mu rauta. Mwina rauta yazima, mwina chingwe chochoka pa rauta kupita pa switchi chazuka, mwina magetsi atabwera kompyuta inafulumira kuyaka rauta isanadzuke. Zimitsani rauta, dikirani pang'ono, yatsani, ipatseni mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako pa kompyuta lembani ipconfig /release, ikamaliza lembani ipconfig /renew. Ikalandira adiresi yoyamba ndi 192.168 kapena ndi 10, mwadutsa gawo limeneli.

Vuto limene lachuluka zaka zino ndi la marauta awiri m'nyumba imodzi, ndipo limasokoneza mutu chifukwa limabwera n'kupita. Ofesi inali ndi rauta yakale, kenako agula ina ya 4G yoikamo simu ya Movitel, Vodacom kapena Tmcel, n'kuilumikiza pa switchi yomweyo. Tsopano mudzi umodzi uli ndi anyakwawa awiri, aliyense akugawa malo ndi dzina lake la mudzi. Marauta ambiri a Huawei amabwera ndi 192.168.8.1, ambiri a TP-Link ndi 192.168.0.1, ena 192.168.1.1. Kompyuta ikayaka imatenga adiresi kwa amene wayamba kuyankha, ndiye lero mlembi ndi a direkitala ali pamodzi, mawa asiyana. Pepala lanu lija liulula msanga: mzere wa Gateway ukhala wosiyana. Sankhani rauta imene ili ndi intaneti kuti ikhale yogawa. Pa inayo lowani polemba adiresi yake mu Chrome kapena Edge, dzina ndi pasiwedi yolowera zimalembedwa kunsi kwake ngati sanasinthe. Ipatseni adiresi ya m'gulu la rauta yoyamba imene palibe akuigwiritsa ntchito, zimitsani DHCP yake, ndipo chingwe chochokera ku rauta yoyamba chilowe pa khomo lolembedwa LAN, osati la WAN limene limakhala ndi mtundu wosiyana. Chikalowa pa WAN, makompyuta a kuseri kwa rauta yachiwiri amatha kufika kwa anzawo koma anzawowo sangawafikire. Mukamva wina akuti "ine ndikumuona koma iye sakundiona", kayang'aneni khomo limenelo.

Makompyuta ogula kwa ena amabweranso ndi adiresi imene inalembedwa pamanja kuofesi kumene anachokera, ndipo saisiya mpaka wina aichotse. Dinani Windows ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani ndi batani lakumanja la mausi pa chizindikiro cha Ethernet, sankhani mzere wotsiriza wa "Properties" kapena "Propriedades", tsegulani mzere umene uli ndi TCP/IPv4. Ngati muli manambala olembedwa, ajambuleni ndi foni kaye, kenako sankhani kadontho kapamwamba koti kompyuta izilandira adiresi yokha. Pa windo lomweli muonanso ngati khadi la netiweki linazimitsidwa, chizindikiro chake chimakhala chotuwa.

Za Wi-Fi ndinene mwachidule. Onani dzina la netiweki imene laputopu yalumikizako. Kangapo ndapeza laputopu ili pa hotspot ya foni ya mwiniwake, imene inaigwira yokha m'mawa, intaneti ikuyenda koma printa ya mu ofesi ili kutali. Netiweki ya alendo, ija imakhala ndi mawu oti Guest kumapeto, inapangidwa dala kuti olowapo asaone zida za m'nyumba. Marauta ena alinso ndi kabokosi kolembedwa "AP Isolation" kamene kakachongedwa kamaletsa zida za pa Wi-Fi kuonana zokhazokha, kachotseni. Ndipo zipupa za njerwa zootcha ndi makabati achitsulo zimadya mphamvu ya Wi-Fi, makamaka ya 5 GHz. Ya 2.4 GHz imapyola bwinoko. Kompyuta imene imasunga mafayilo a aliyense ndi printa ya ofesi, ine ndimaziika pa chingwe nthawi zonse.

Maadiresi akakhala bwino, yafika nthawi ya ping. Lamuloli limatumiza timauthenga tinayi n'kudikira yankho. Yambani ndi rauta: lembani ping, siyani mpata, lembani adiresi ya Gateway, mwachitsanzo ping 192.168.1.1. Mizere yoyamba ndi "Reply from" kapena "Resposta de" yokhala ndi nthawi ndi TTL kumapeto ikutanthauza kuti njira yochoka pa kompyuta yanu kufika pa rauta ndi yabwino. Pa chingwe nthawiyo izikhala 1ms kapena kucheperapo. Chitani chimodzimodzi pa kompyuta inayo. Zonse zikafika pa rauta, yesani ping kuchoka pa ina kupita pa inzake, mbali zonse ziwiri.

Apa werengani mosamala, chifukwa mayankho okana alipo awiri ndipo satanthauza chimodzi. Loyamba ndi "Destination host unreachable", m'Chipwitikizi mumakhala mawu oti "inacessível". Limanamiza anthu chifukwa mzere wake umayambanso ndi "Reply from", koma mukayang'anitsitsa adiresi yoyankhayo ndi yanu yomwe kapena ya rauta. Tanthauzo lake n'lakuti pa netiweki palibe chida chimene chavomera kuti adiresiyo ndi yake: chazima, chagona tulo, chingwe chake chaduka, kapena adiresi yake yasintha. Lachiwiri ndi "Request timed out", kutanthauza kuti uthenga wapita koma yankho silinabwere. Pa netiweki ya mu ofesi, kawirikawiri kompyuta inayo ilipo ndithu koma firewall yake, mlonda wa mu Windows wotsekereza mauthenga ochokera kunja, ikukana kuyankha. Kuti mutsimikize, mukangomaliza ping lembani arp -a. Mukaona adiresi ya mnzanuyo pa mndandanda, pambali pake pali nambala yaitali ya magawo 6 ya khadi lake, dziwani kuti zingwe, switchi ndi maadiresi zonse zili bwino. Siyani makwerero, vuto latsala mu Windows.

Windows imagawa manetiweki pawiri, Public ndi Private. Ikaona netiweki yatsopano, monga mukasintha rauta, imakonda kuiika pa Public, ndipo pamenepo imadzibisa, imatseka kugawana mafoda ndipo siyankha ping. Pa bwalo la ndege kapena pa hotela zimenezi n'zoyenera, koma mu ofesi yanu ndizo zikukutsekerezani. Tsegulani PowerShell, windo lina lolembamo malamulo longa cmd, ngati administrator, lembani Get-NetConnectionProfile. Onani mzere wa NetworkCategory ndi nambala ya InterfaceIndex. Ngati ikuti Public, ndipo nambalayo ndi 12 mwachitsanzo, lembani Set-NetConnectionProfile -InterfaceIndex 12 -NetworkCategory Private. Kenako pitani pa zoikamo za kugawana, yatsani zinthu ziwiri za mbali ya Private: kuti kompyuta izioneka pa netiweki, ndi kugawana mafayilo ndi maprinta. Ngati munaika antivayirasi yokhala ndi firewall yakeyake, nayonso ili ndi malo ouziramo kuti netiwekiyi ndi yodalirika. Mungazimitse firewall mphindi imodzi kuti muone ngati ndiyo ikutseka, koma muiyatsenso pomwepo. Ndimapeza maofesi amene anazimitsa chaka chatha n'kuiwala, pamene mafulashi a anthu onse a m'tauni amalowa m'makompyuta omwewo tsiku ndi tsiku.

Musadalire chithunzi cha "Network" kapena "Rede" cha mu File Explorer. Chimachedwa, ndipo nthawi zina sichionetsa kompyuta imene ilipo bwinobwino. Dinani Windows ndi R, lembani timizere tiwiri topendekera kumbuyo ndi adiresi, motere: \\192.168.1.40. Zikatseguka ndi adiresi koma zikukana ndi dzina la kompyuta, netiweki ili bwino, pangani shortcut ya adiresiyo pa desktop anthu apitirize ntchito. Zikakana ndi nambala 0x80070035, Windows ikunena kuti njira sinapezeke. Kugawana mafoda kumadutsa pa khomo losaoneka la m'kati mwa Windows, nambala 445, ndipo mutha kuliyesa mu PowerShell polemba Test-NetConnection 192.168.1.40 -Port 445. Mzere womaliza ukati False, firewall kapena zoikamo za kugawana za kompyuta inayo zikadali zotseka. Ukati True, chatsala ndi chilolezo.

Nkhani ya chilolezo imataya nthawi ya anthu ambiri. Windows ikafunsa dzina ndi pasiwedi, ikufuna za akaunti ya pa kompyuta imene ili ndi foda, osati zanu, ndiponso osati PIN yotsegulira m'mawa. Akaunti yopanda pasiwedi Windows siilola kulowera pa netiweki. Chimene ine ndimachita ndi kupanga akaunti ina pa kompyuta yosunga mafayilo, ya ntchito yogawana yokha, yokhala ndi pasiwedi yeniyeni, n'kuipatsa chilolezo pa foda yofunikayo basi. Chilolezocho chimaperekedwa malo awiri m'zoikamo za foda, pa tsamba la kugawana ndi pa tsamba la "Security" kapena "Segurança", ndipo pakakhala kusiyana chimene chimapambana ndi chokhwimitsitsa. Ngati pasiwedi inasinthidwa koma kompyuta yanu ikukakamirabe yakale, lembani cmdkey /list muone zimene inasunga, chotsani yakaleyo, lembaninso net use * /delete kuti idule zolumikizana zakale. Dziwaninso kuti Windows 10 kapena 11 wamba imalola makompyuta 20 okha kulowa m'mafoda ake nthawi imodzi. M'chipinda chophunzitsira makompyuta cha sukulu yaikulu, ofika mochedwa amakanidwa popanda chilichonse chowonongeka.

Zida zakale zili ndi vuto lakelake. Kompyuta ya Windows XP ndi mafotokope ena akale otumiza zosikana mu foda amalankhula njira yakale yotchedwa SMB1, imene Microsoft inasiya kuiyatsa yokha mu Windows 10 kuyambira 2017. Chaka chomwecho vayirasi ya WannaCry inafalikira dziko lonse kudzera pa chiboo cha njira imeneyi, n'kumatseka mafayilo a anthu. Pa intaneti mupeza ambiri okuuzani kuti ingoyatsani SMB1, ndipo zimayendadi. Ine sindiyatsa pa kompyuta imene ili ndi mapauta kapena mabuku a ndalama. Bola kusikana pa fulashi, kapena kusamutsa mafayilo a pa kompyuta yakaleyo kupita pa yatsopano. Windows 11 yatsopano, kuyambira ya 24H2, inakhwimitsanso kulowa m'mafoda opanda pasiwedi, ndiye foda imene inkatseguka popanda kufunsa ikayamba kukana pambuyo pa update, yankho ndi akaunti ya pasiwedi ija.

Printa ya pa netiweki imene yasiya magetsi atazima ndi kubwera, pafupifupi nthawi zonse yangosintha adiresi. Dzulo inali 192.168.1.105, lero rauta yaipatsa 192.168.1.102, koma makompyuta akutumizabe ntchito ku yakale. Onani adiresi yatsopano pa kagalasi ka printa, kapena sindikizani tsamba la zoikamo za netiweki kuchokera pa mabatani ake. Yesani ping, yesaninso kulemba adiresiyo mu Chrome, maprinta ambiri amatsegula tsamba lawo. Kuti zisabwerenso, lowani mu rauta pa gawo la DHCP, pezani malo osungira adiresi, mangirirani adiresi imodzi ku nambala ya khadi la printayo. Mukasankha kulemba adiresi pamanja pa printa penipeni, isakhale m'kati mwa manambala amene rauta imagawa. Ngati imagawa kuyambira 100 mpaka 199, printa ipatseni 20. Mukaipatsa 105, tsiku lina foni ya mlendo idzalandira 105 yomweyo, ndipo zida ziwiri za adiresi imodzi zimalandana uthenga, printa n'kumayenda m'mawa, masana osayenda. Chitani chimodzimodzi ndi kompyuta yosunga mafayilo. Printa ya USB yogawidwa kudzera pa kompyuta ina imafuna kuti kompyutayo ikhale yoyaka, yosagona. Ikakana ndi nambala 0x0000011b, limenelo ndi vuto limene linayamba mu 2021 ndi ma update a chitetezo a Windows, chingwe chilibe mlandu, ndipo poyambira ndi kuonetsetsa kuti makompyuta onse awiri alandira ma update ofanana.

Chovuta kuposa zonse ndi netiweki imene imaduka n'kubwerera yokha. Lembani ping ndi adiresi ya rauta n'kuwonjezera -t kumapeto, izithamanga osaima mpaka mutadina Ctrl ndi C. Isiyeni ikuyenda, inu muzigwedeza chingwe pafupi ndi mitu yake, kutsegula ndi kutseka chitseko chimene chadutsapo, wina akuyang'ana pa sikirini. Mizere ikaduka pamene mwagwira, mwapeza. Ikamaduka pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ganizirani za kutentha. Mu mzinda wa Tete ndi ku Moatize, Okutobala ndi Novembala kumatentha kupyola madigiri 40, ndipo rauta yoikidwa pa windo kapena yotsekeredwa m'kabati imauma masana n'kudzuka madzulo. Igwireni ndi dzanja, ichotseni padzuwa, pukutani fumbi limene latseka timabowo take topumira. Chaja chotopa chimachitanso zomwezo: rauta imadziyatsanso yokha wina akangoyatsa fotokope pa soketi yomweyo. Ka UPS kakang'ono, kabatire kosunga magetsi, kodyetsa rauta ndi switchi zokha kamathetsa zambiri mwa izi, ndipo kamachititsanso kuti maadiresi asamasokonekere magetsi akaphethira.

Ngati mwayesa chingwe chabwino pa khomo labwino, makompyuta ena akuyenda pa malo omwewo, koma iyi yokha ikukanabe kulandira adiresi, pamenepo mpamene mungakonze mbali ya netiweki ya Windows yokhayo, mafayilo osakhudzidwa. Tsegulani cmd ngati administrator, lembani netsh winsock reset, kenako netsh int ip reset, ndipo zimitsani kompyuta n'kuiyatsanso. Lamulo lachiwirilo limafufuta adiresi iliyonse yolembedwa pamanja, choncho ngati iyi ndi kompyuta yosunga mafayilo, jambulani manambala ake kaye kuti mudzawabwezere. Ikakanabe, lowetsani kachipangizo ka USB kokhala ndi khomo la netiweki kaja. Kakayenda, khadi la m'kati ndilo linafa. Ndipo ngati muitana katswiri wochokera kutali, monga anthu a ku Furancungo kapena ku Tsangano amachitira, mutumizireni pa WhatsApp zithunzi zitatu asanakwere njinga yamoto: cha timagetsi ta pa switchi, cha ipconfig ya makompyuta onse awiri, ndi cha yankho la ping. Ndi zimenezo adziwa ngati abwere ndi mpukutu wa chingwe, switchi ina, kapena angokuuzani pa foni pomwepo malo oti mudine.